Tiyi Amene Sindinamwe

Dzuwa la tsiku limenelo linatuluka litakwiya kale. Unali mwezi wa Okutobala, mphepo yotentha ikutola fumbi m'minda n'kumalithira m'maso mwa anthu. Kamtambo kamene kanaoneka kum'mawa kanatha nkhuku zisanayambe n'kupalasa komwe.

"Bambo, ndikulankhula ndi inu," anatero Dyna, mwana wanga, akuphula masikono mu uvuni. "Dzulo galimoto yoyera inaima m'munda mwathu. Amalume anatsikamo ndi munthu wa ku Boma wa nsapato zosongoka. Anayenda kuyambira pachulu mpaka kudambo, amalume akuloza uku ndi uku ngati akutsatsa ng'ombe. Inu munali ku nazale ya fodya, kheni yothirira ili m'manja. Munawaona."

"Ndinawaona."

"Ndiye?"

Ndinapitiriza kumangirira dengu panjinga.

"Zengerezu analinda kwawukwawu, bambo. Amayi tinawaika mu Juni. Manda awo sanaone n'mvula yomwe, koma mlongo wawo wayamba kale kuyeza munda ndi mapazi. Akuti akusudzulani mvula isanagwe. Mudzi wonse ukudziwa. A ku tiyirumu anagamula kale. Inu nokha ndi amene mukungokhala ngati nkhaniyi ndi ya eni."

"Chaka sichinathe."

"Amalume a Nelson amawerenga chaka? Inu mukachoka ine nditsala ndi ndani? Bambo a ana awa ali ku Joni, chaka chachitatu chino, foni yawo imangoitana. Mundawu amayi anaulandira kwa amayi awo, uyenera kukhala wanga ndi ana angawa. Koma ndikatsala ndekha amalume adzati ndine mwini mbumba, khala chete. Pamene muli pano akuchitako manyazi. Lankhulani."

"Masikono akuzizira," ndinatero.

Anavundikira dengulo ndi nsalu mochita kuponya.

"Amayi akanakhala moyo akanapita kukamulalatira mlongo wawoyo pakati pa msika."

Zimenezo zinali zoona. Zaka makumi atatu ndi chimodzi, wolankhula m'nyumba mwathu anali Lusiya. Ine ndinkalima.

Ndine mkamwini. Kwathu ndi kwa Simlemba, kuno kwa Lukwa ndinabwerera banja. Mwambo wake ndi wodziwika. Mkazi akamwalira, chaka chikatha, abale ake amasonkhana pakhomo, amaphika thobwa, amamupatsa wofedwayo kandalama m'manja n'kumuuza kuti wamasuka. Akalandira, wasudzulidwa. Amatenga khasu lake ndi zovala zake, n'kubwerera kwawo. Mwambowo sindikangana nawo. Ndinaudziwa tsiku limene ndinabwera.

Tiyirumu ya a Feggie ili pamphambano pa msika, pakati pa chigayo ndi sitolo ya feteleza. Lusiya ndi amene ankawaphikira masikono, ine n'kumakatula m'mawa uliwonse. Tsopano akuphika ndi Dyna, wokatula ndine yemwe. Muli mabenchi anayi, wailesi, ndi ketulo yakuda imene sichoka pamoto. Amuna a m'midzi itatu amasonkhana m'menemo. Akazi awo amakhala ali kudambo chiyambire mbandakucha, akutunga madzi othirira fodya amene adzagulitsidwe m'dzina la amunawo. Eni mainawo amakhala ndi kapu imodzi mpaka dzuwa lifike paliwombo, akuwongola dziko. Mitengo ya fodya amaikonza m'menemo. Mpira amauphunzitsa m'menemo. Mimba za ana a anzawo amaziwerengera miyezi m'menemo. Palibe ntchito imene inawakanika, kupatula yogwira ndi manja.

A Nelson, mlamu wanga, anali pamalo pawo pafupi ndi wailesi.

"Alamu afika," anatero. "Khalani pansi, alamu. Zaka zonsezi mumangotula dengu n'kuthawa ngati mwaba. Lero mumwe tiyi. A Feggie, apatseni alamu wamkaka, shuga musaumire."

Ndinakhala, chifukwa kukana mpando ndi mwano.

Mwa a Feggie tiyi amabwera m'kapu yokhayokha. Timbale tokhazikapo kapu tilipo tiwiri tokha, ndipo amatitulutsa kukabwera alendo a ku Boma, alangizi kapena a zaumoyo. Ine wa masikono ndinali ndisanakhazikiridwepo kambale chibadwire. Tsiku limenelo kapu yanga inabwera ili pa kambale. A Feggie anaiika patsogolo panga osandiyang'ana. Pochotsa dzanja anaitembenuza pang'ono, ndipo pansi pake panasuzumira nsonga ya ndalama yapepala yopindidwa. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Wina anachepetsa wailesi. Apo m'pamene ndinaona kuti pa benchi ya kukhoma panali akuluakulu awiri a kubanja kwa Lusiya, anthu osabwerabwera kumsika, atavala majekete m'dzuwa lonse lija. Mboni. Ndikangonyamula kapuyo, ndalama ili pansi, anena kuti ndalandira.

"Imwani, alamu."

"Zikomo," ndinatero.

Manja anga anali pamaondo, ndipo anakhala pomwepo.

"Tiyi wa mlamu sakanidwa," anatero a Lameki. A Lameki ndi munthu amene sanagulepo tiyi ndi ndalama yake, koma amadziwa nthawi yosekera wogula akalankhula. "Kapena a Davison akufuna tiwauzirire? Watentha?"

"Asiyeni," anatero a Nelson mofatsa. "Alamu, tisabisane. Kale anthu ankadikira chaka chifukwa kunalibe zochita. Masiku ano dziko likuthamanga. Ife tikufuna tikumasuleni mukadali ndi mphamvu, mukapeze wokuphikirani kwa Simlemba. Kodi kumeneko n'kulakwa? Tinene kuti tikusungeni pano muzidya maliro mpaka liti?"

"Mlendo ndi mame," anatero a Lameki, "sachedwa kukamuka."

"Mame a zaka makumi atatu," anatero wina kumbuyo. "Tambala wobwereka akatha ntchito amabwezedwa kwa eni ake."

Nyumba yonse inaseka. Amene ananena za tambalayo ndi mkamwini ngati ine, ndipo mkazi wake wakhala akudwaladwala chiyambire chisanu. Iye ndi amene anaseka kuposa onse.

Ndinakhala mpaka tiyiyo anachita kakhungu pamwamba. Ntchentche inagweramo, inasambira, inafa. A Feggie atandibwezera dengu langa ndinaimirira.

"Tsalani bwino," ndinatero.

M'mawa mwake kapu inabweranso pa kambale kake. M'kuja mwake chimodzimodzi. Zinatero masabata awiri. Ine ndinkatula dengu, n'kukhala pansi, n'kunena zikomo, manja ali pamaondo. Ndikatuluka a Nelson ankachotsa ndalama yawo, a Lameki n'kumwa tiyi wozizirayo. Nkhani inamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Anthu amene anali asanalowepo m'tiyirumu anayamba kubwera kudzaonerera mwamuna wamkulu atakhala pamaso pa kapu. A Feggie anabwereka benchi yachisanu kutchalitchi, ndipo anatumiza mawu kwa Dyna kuti awonjezere masikono.

Akuluakulu awiri aja ankabwera tsiku lililonse. Mmodzi ankagona.

"Akuti bambo ako akuopa kapu," anatero Dyna tsiku lina masana, atatula ndowa yochokera kumjigo. "Amayi onse pamjigo akuseka. Wina wandifunsa ngati kunyumba kuno mumamwera m'manja. Bwanji osangosiya kupitako? Masikono ndizikatula ndekha."

"Ndikasiya adzati ndathawa."

"Ndiye ikankheni kapuyo igwe, muwauze zoona."

"Ndikaikhudza ndailandira."

"Nanga mudzakhala mukuiyang'ana mpaka liti?"

"Kukana nsalu ya akulu n'kuviika."

"Inu mukuviika, anzanu akuyeza munda. A ku Boma aja akubweranso Loweruka ndi mapepala. Amalume awauza kuti pofika tsiku limenelo zonse zikhala zitatha. Adzalemba kuti munalandira, ndipo amuna onse aja adzavomera, chifukwa amene amawagulira tiyi ndi amalume. Kodi kukhala chete kwanu adzakulemba papepala?"

Ndinayang'ana kumunda.

Anakhala pansi pakhonde, anavula nkhata kumutu, n'kumaipotokola m'manja. Atalankhulanso mawu ake anali otsika.

"Amayi anakulankhulirani zaka zonsezi. Kuchipatala, kumlandu wa mbuzi uja, ngakhale kutchalitchi. Inu simungawalankhulireko kamodzi kokha?"

Ndinatenga kheni n'kupita kudambo. Mbande zinali zitafika msinkhu wa chala, zobiriwira bwino, zongodikira mvula kuti tiwokere. Malo a nazaleyo anasankha ndi Lusiya chaka chatha, akuti dothi la pamenepo silisweka. Ndinathirira mabedi onse atatu, kenaka ndinathiriranso loyamba, ngakhale silinkafuna madzi.

Loweruka kunacha kuli mitambo yakuda kumadzulo, mabingu akumveka kutali. Linali tsiku la msika. M'tiyirumu munadzaza mpaka ena anaima pazenera. A Nelson anavala shati yatsopano, mizere ya m'sitolo ikuonekabe. Kapu yanga inabwera pa kambale kake. Anthu anathithikana m'mabenchi onse, koma pambali panga anasiya malo, monga amachitira ndi munthu wodwala chifuwa.

"Lero ndi lero, alamu," anatero a Nelson. "Takupirirani mokwanira. Mkamwini asamakule mwendo."

"Zikomo," ndinatero.

Galimoto yoyera inaima panja. A Nelson anathamangira kukhitchini kukatenga mpando wapulasitiki wa a Feggie, n'kuyamba kuupukuta ndi mpango wawo. Akadali kupukuta, mlendo analowa. Dzina lake a Raymond, munthu wa ku Boma uja, wonenepa khosi, thukuta lili kamukamu. Anaweyula dzanja kwa onse osayang'ana aliyense, anaona malo pambali panga, n'kukhala. Anaona kapu ili pa kambale, imodzi yokha m'nyumba yonse.

"Mayi awa amandidziwa," anatero.

Anainyamula n'kumwa mpaka pakati.

Ndalama ija inali itamatirira pansi pa kapu chifukwa cha chinyezi. Inalendewera pang'ono, kenaka inagwera pa thalauza lawo.

A Nelson anaima pakhomo la khitchini, mpando uli m'manja.

"Safunsa anadya phula," ananong'ona a Lameki, ndipo nyumba yonse inaphulika. Ena anagwira m'mimba. Wa pazenera anathamanga kukauza a kuchigayo. Mkulu wogona uja anadzuka n'kufunsa ngati ndalandira.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa a Raymond, atagwira ndalamayo ndi zala ziwiri.

"N'za mwambo, bwana," anatero a Nelson. "Zazing'ono. Bwerani mukhale apa."

"Mwasudzulidwa, bwana," anatero a Feggie ali pa ketulo yawo. "Mwamasuka. Mutha kukakwatira kwina."

Anthu anasekanso. A Raymond sanaseke.

"Mayi, fotokozani bwino."

"Tiyi ameneyo sanali wanu. Ndi wa bambo ali pambali panuwo. Akazi awo anamwalira mu Juni, ndiye alamu awo akufuna awasudzule ndi kapu ya tiyi kuti achoke pamudzi. Sabata yachitatu ino ndikuwiritsa tiyi wa munthu wosamwa."

A Raymond anatembenuka. Aka kanali koyamba kundiyang'ana.

"Inu ndinu ndani, bambo?"

"Munda munayendamo uja ndimalima ndine."

"A Nelson anandiuza kuti mwini wake anamwalira, ndipo palibe wotsala."

"Mwana wake alipo. Masikono awo waphika ndi iye."

A Nelson anaponya mpando pansi. Anatsomphola ndalama ija m'zala za mlendo wawo n'kubwera pamene ndinali. Ndinaimirira, manja ndinaika kumbuyo.

"Landirani," anatero. "Pamaso pa anthu onsewa, landirani. Mukufuna mudzafere pamudzi pa eni? Munabwera ndi munda inu kuchokera kwa Simlemba? Munaunyamula pamutu?"

Anafuna kuilowetsa m'thumba la shati yanga. Shati imeneyo ilibe thumba. Lusiya analisosola kalekale kuti azigambire pachigongono. Ndalamayo inatsetsereka pachifuwa panga n'kugwa pansi, pakati pa mapazi athu.

Ndinaiyang'ana, kenaka ndinayang'ana mwini wake.

"Alamu," ndinatero, "alongo anu sindinawapeze m'tiyirumu. Sindiwasiya m'tiyirumu. Chaka chikatha mubwere pakhomo ndi amayi a pamudzi, ndi thobwa, ngati anthu. Ndidzalandira ndi manja awiri."

Palibe anaseka. Mkulu mmodzi wa majekete aja anavala chipewa chake n'kutuluka. Mnzake anamutsatira, atakulunga sikono yake m'pepala.

Kenaka mphepo inatembenuka, monga imachitira m'nyumba imeneyo.

"Ife tinkaona kuti sizili bwino," anatero wina.

"Mwambo ndi mwambo. Munthu samusudzula ngati akumupatsa chenji."

"Ine ndinanena tsiku loyamba lomwe," anatero a Lameki. "Ndinati a Nelson, izi zidzatichititsa manyazi. Simunandimve anthuni?"

Wa tambala uja anagwedeza mutu mwachisoni, akuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ananena ngati wazitulukira yekha m'mawa womwewo. Pakamwa pomwe pankandiseka masabata awiri panayamba kutafuna a Nelson, mano ake omwewo. Ndinalakalaka akanangopitiriza kundiseka.

A Raymond anali kupukuta thalauza lawo. Chisoni analibe, ndipo sanayerekeze kukhala nacho.

"A Nelson, mwanditayitsa mafuta," anatero. "Ine sindifuna munda wa milandu. Ndipuma ntchito chaka chamawa, ndikufuna malo oti ndizilima soya mwamtendere." Anamwaza maso m'nyumba monse. "Palibe wina ali ndi malo opanda phokoso?"

A Lameki anasendera pa benchi mpaka phewa lawo linagunda la mlendo.

"Bwana, mlongo wanga anatisiya chaka chatha. Mwamuna wake tinamusudzula bwinobwino, ndi thobwa lomwe, anapita kwawo. Munda wake ndi wa dothi lakuda, uli m'mbali mwa msewu. Kwangotsala tiatsikana tiwiri ta kusukulu. Sitivuta."

"Ndi kutali?"

"Pagalimoto ndi pompa."

Anatuluka limodzi. A Lameki anakhala kutsogolo, chigongono chili pazenera. M'tiyirumu wina anakweza wailesi, ndipo anayamba kukangana za mpira.

A Feggie anatenga tsache n'kusesera ndalama ija kukhomo pamodzi ndi nyenyeswa za masikono. Sinafike panja. Dzanja lina linatsika pansi pa benchi n'kuitola.

A Nelson anandidikira pamene ndinaimika njinga.

"Juni si kutali, alamu."

"Si kutali," ndinavomera.

Pofika kunyumba nkhani inali itandipitirira kale. Dyna anali pakhonde, ufa uli m'manja.

"Akuti munalankhula."

"Pang'ono."

"Akuti amalume anachita kusowa pogwira. Mwawagonjetsa, bambo."

"Mpaka Juni."

Kumwetulira kwake kunatha.

"Nanga Juni akafika?"

"Ndidzapita. Iwe udzatsala."

"Ndekha."

"Malire a mundawu ukuwadziwa?"

"Ndimalimamo chibadwire."

"Kulimamo si kudziwa. Kaitane amayi ako aang'ono, ndi amayi a mvano amene ankayenda ndi amayi ako. Abwere ndi maso awo, adzakhale mboni. Ine ndizikumba mobzalamo khonje, iwe uzitchula malire mokweza, ndi dzina la mwini wake. Pakamwa unatengera amayi ako."

Anandiyang'ana, kenaka anapukuta manja pachitenje n'kutsika pakhonde. Anayenda mofulumira, fumbi likutuluka kumapazi.

Madzulo amenewo ndinakazula khonje kuseri kwa khola, ndinadzaza dengu la masikono, ndipo ndinayamba kubzala m'malire a munda, kuyambira pachulu kulowera kudambo.